Nkhondo ya M'botolo, Gawo 4: Safunsa Anadya Phula

M'magawo apitawa tinaona John Pemberton, wosakaniza mankhwala wa mumzinda wa Atlanta ku America, akuphika manyuchi akuda mu 1886 n'kumawagulitsa osungunula ndi madzi a gasi pa Jacobs' Pharmacy, tambula imodzi masenti 5. Tinaona Asa Candler akutola bizinesiyo ndi madola pafupifupi 2,300 okha, ndipo mu 1919 ana ake akuigulitsa pamtengo wa madola 25 miliyoni. Tinasiyira pa a Robert Woodruff, amene anakhala mkulu wa kampani mu 1923 ali ndi zaka 33, ndipo pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse analamula kuti msilikali aliyense wa America azipeza botolo la Coca-Cola pa masenti 5 kulikonse kumene ali, zivute zitani. Nkhondo itatha, pa zakumwa zoziziritsa kukhosi khumi zilizonse zogulidwa ku America, zisanu ndi chimodzi zinali Coca-Cola. Lero tifika pa zaka zimene ufumu umenewu unayamba kugwedezeka.

Chimene kampani imagulitsa

Kuti timvetse kukula kwa zimene zinachitika mu 1985, tiyenera kudziwa kaye chimene kampani ya Coca-Cola imagulitsa kwenikweni. Botolo limene mumatsegula, madzi ake, gasi wake, kreti ndi lole yonyamula, zonsezo nthawi zambiri zimakhala za anthu ena. Mu 1899 maloya awiri a mumzinda wa Chattanooga, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, anapita kwa Candler kukapempha chilolezo chothira chakumwachi m'mabotolo. Candler sankakhulupirira kuti za mabotolo zingapite patali, choncho anawapatsa pafupifupi dziko lonse la America pamtengo wa dola imodzi. Kuyambira pamenepo ntchito inagawika pawiri. Likulu la ku Atlanta limapanga manyuchi okhathamira ndi kulipira zotsatsa malonda. Makampani a m'madera amagula manyuchiwo, kuwasungunula, kuwathira m'mabotolo ndi kuwafikitsa mpaka pa kagolosale ka kumudzi. Ndi dongosolo lomweli limene linafikitsa Coca-Cola ku Malawi kudzera ku Southern Bottlers, imene ambiri timangoitchula kuti Sobo.

Phindu la dongosololi n'loonekeratu. Katundu wolemera, wodula kunyamula, ali m'manja mwa ena, pamene mwini dzina amagulitsa kanthu kochepa kamene munthu sangakapeze kwina kulikonse. Koma zikutanthauzanso kuti chuma chonse cha kampani chinaima pa zinthu ziwiri zokha: dzina, ndi chinsinsi cha kasakanizidwe ka manyuchiwo.

Chinsinsicho chinalembedwa papepala. Mu 1919 pepalalo linakasungidwa ku banki ina ya ku New York ngati chikole cha ngongole imene anagulira kampani, ndipo mu 1925 linabwerera ku Atlanta n'kutsekeredwa m'chipinda chachitsulo cha banki ya Trust Company. Anthu ankasimba kuti akuluakulu awiri okha ndiwo amadziwa zonse zolembedwapo, ndiponso kuti awiriwo saloledwa kukwera ndege imodzi. Kampani inkasangalala nazo nthano zoterezi chifukwa nazonso zinkagulitsa malonda. Koma kuteteza chinsinsicho sikunali nthano. Mu 1977 boma latsopano la India linalamula kuti makampani akunja agulitse masheya ambiri kwa nzika za dzikolo, ndipo kwa Coca-Cola izi zinatanthauza kuti kasakanizidwe kake kakanatha kudziwika. Kampani inalongedza katundu n'kuchoka m'dziko la anthu mamiliyoni mazanamazana, ndipo sinabwerereko mpaka 1993. Ankalolera kutaya msika wonse wa India kusiyana n'kuti munthu wina aone pepala lija.

Mphawi amene anakana kufa

Mdani wa Coca-Cola anabadwira m'sitolo ya mankhwala, ngati iye yemwe. Caleb Bradham wa m'tauni ya New Bern ku North Carolina anasakaniza chakumwa chake mu 1893, ndipo mu 1898 anachipatsa dzina lakuti Pepsi-Cola. Kampani yake inagwa mu 1923 mitengo ya shuga itamutembenukira, n'kugwanso mu 1931 m'manja mwa eni ena. M'zaka zimenezo eni ake anapita ku Coca-Cola kukaitsatsa kuti aigule, koma a ku Atlanta anakana. Sankaona chifukwa chotayira ndalama pa chinthu chakufa kale.

Chimene chinaukitsa Pepsi ndi umphawi wa anthu. M'zaka za m'ma 1930 chuma cha America chitasokonekera, Pepsi inayamba kugulitsa botolo lalikulu pafupifupi kawiri kuposa la Coca-Cola pamtengo womwewo wa masenti 5. Mabanja osauka anathamangira kumeneko. Malonda anakwera, koma ulemu sunakwere nawo. Kwa zaka zambiri Pepsi ankaonedwa ngati chakumwa cha osowa, moti kunali nkhani zakuti amayi ena ankathira Pepsi m'matambula kukhitchini n'kukapereka kwa alendo ngati Coca-Cola. M'zaka za m'ma 1960 kampani inasintha njira. Inasiya kunena za kutchipa n'kuyamba kuuza achinyamata kuti Coca-Cola ndi wa makolo awo, Pepsi ndiye wawo.

Nkhonya yeniyeni inabwera mu 1975 kuchokera mumzinda wa Dallas ku Texas, kumene malonda a Pepsi anali pansi kwambiri. Anaika tebulo pamalo ogulitsira zinthu, pamwamba pake makapu awiri opanda dzina la chakumwa. Wodutsa aliyense ankapemphedwa kuti alawe apa, alawe apo, anene wokoma. Kamera inali pompo. Anthu amene ankalumbira kuti iwo ndi a Coca-Cola chibadwire ankaloza kapu imodzi molimba mtima, ndipo akatsegula chobisa, ankapeza kuti asankha Pepsi. Nkhope zodabwazo zinaonetsedwa pa TV, ndipo mpikisanowu, umene anautcha Pepsi Challenge, unafalikira dziko lonse.

Poyamba a ku Atlanta anangonyoza. Popeza kapu ya Pepsi inali ndi chilembo M ndipo ya Coca-Cola inali ndi Q, iwo anati anthu akungokonda chilembo M basi. A Pepsi anasintha zilembo, koma zotsatira sizinasinthe. Kenako Coca-Cola inachita zake mwachinsinsi, ndi akatswiri ake, makapu ake. Zimene anapeza zinawagwetsa nkhope. Munthu akapanda kuona dzina, nthawi zambiri ankasankha Pepsi, amene ndi wotsekemera kwambiri.

Manambala nawo sanawamvere chisoni. Kafukufuku wa kampani anasonyeza kuti mu 1972, anthu 18 mwa 100 alionse omwa zoziziritsa kukhosi ankamwa Coca-Cola yekha, pamene 4 okha ndiwo ankamwa Pepsi yekha. Patatha zaka pafupifupi khumi, a Coca-Cola anatsika kufika pa 12, a Pepsi n'kukwera kufika pa 11. Pofika 1983 gawo la Coca-Cola pamsika wa America linali litatsika kuchoka pa 60 mwa 100 kufika pansi pa 24. M'masitolo akuluakulu, mmene wogula amaona mabotolo onse pashelufu n'kusankha yekha, Pepsi anali atapitirira kale. Chimene chinkasunga Coca-Cola pamwamba ndi makina ogulitsira zakumwa ndi malo odyera ngati McDonald's, kumene wogula amamwa chimene wapeza. Ndipo zonsezi zinkachitika Coca-Cola ikuwononga ndalama zambiri zotsatsira malonda kuposa mdani wake.

Munthu wa ku Havana

Pa nthawi imeneyi mpando waukulu wa kampani unali m'manja mwa munthu amene sanabadwire ku Atlanta, ngakhale ku America komwe. Roberto Goizueta anabadwa mu 1931 ku Havana, Cuba, m'banja lolemera lochita bizinesi ya shuga. Anaphunzira uinjiniya wa zamakemikolo pa yunivesite ya Yale, ndipo mu 1954 anayankha chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala chimene sichinatchule dzina la kampani. Inali Coca-Cola. Fidel Castro atatenga boma n'kuyamba kulanda makampani, Goizueta ndi banja lake anathawira ku Miami mu 1960. Anasiya nyumba ndi chuma chonse. Chimene anatsala nacho chinali madola 40 m'thumba ndi masheya 100 a Coca-Cola amene anali ku banki ku New York.

Munthu amene anataya zonse kamodzi saopa kusintha ngati mmene amaopera wokulira pabwino. Goizueta anakwera maudindo kudzera ku nthambi ya zasayansi, ndipo anali mmodzi mwa anthu ochepa odziwa chinsinsi chija. Anakhalanso bwenzi la a Woodruff, amene anali atapuma kalekale koma ankagwirabe zingwe zonse, moti antchito ankangowatchula kuti Bwana. Ndi mawu a Bwanawa amene anaika Goizueta pampando mu 1981, kudumpha Donald Keough, katswiri wa malonda amene ambiri ankamuyembekezera. Keough sanapse mtima n'kuchoka. Anakhala wachiwiri wake, ndipo awiriwa anagwirizana kwambiri.

Atangolowa, Goizueta anasonkhanitsa mamanejala ake ku Palm Springs ku California n'kuwauza kuti mu kampaniyi mulibe chinthu chopatulika chimene sichingakhudzidwe, ngakhale kasakanizidwe ka zakumwa zake. Sanali kungolankhula. Mu 1982 anagula Columbia Pictures, kampani yopanga mafilimu. Chaka chomwecho anatulutsa Diet Coke, chakumwa chopanda shuga, ndipo aka kanali koyamba chiyambire 1886 kuti dzina la Coke lilembedwe pa chakumwa china. Maloya ndi achikulire a kampani ankaopa kuti dzinalo lisukuluka, koma m'zaka ziwiri zokha Diet Coke anakhala wachitatu pa zakumwa zonse zogulidwa kwambiri ku America. Mwakachetechete anachotsanso shuga wa nzimbe m'chakumwa chachikulu n'kuikamo madzi otsekemera opangidwa kuchokera ku chimanga, amene anali otchipa. Anayamba ndi theka mu 1980, ndipo pofika kumapeto kwa 1984 anali atasinthiratu.

Aka sikanali koyamba kuti kasakanizidwe kasinthe. Cha m'ma 1903 anachotsamo kokeni amene ankachokera m'masamba a coca. Pambuyo pa mlandu ndi boma la America umene unazengedwa mu 1911, anachepetsamo kafini. Ogula ambiri sanadandaule, chifukwa panalibe amene anawaimbira ng'oma kuti taonani tasintha.

Koma zonse zimene Goizueta anakonza sizinaletse chakumwa chachikulu kutsika. Diet Coke yemweyo ankalanda ogula ena a Coca-Cola. Mu 1983 malo odyera a Burger King anasiya Coca-Cola n'kutenga Pepsi. Ku Pepsi kunalowa bwana wachinyamata, Roger Enrico, amene analipira Michael Jackson ndi abale ake madola 5 miliyoni kuti atsatse malonda ake. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonyazo zinkagwera pamalo amodzimodzi: kakomedwe.

Project Kansas

Ntchito yachinsinsi inayamba motsogozedwa ndi Brian Dyson, mkulu wa nthambi ya ku America, ndi Sergio Zyman, katswiri wa malonda wochokera ku Mexico amene anagwirako ntchito ku Pepsi. Anaitcha Project Kansas. Akatswiri a m'labu, amene anaphunzira zambiri popanga Diet Coke, anatulukira kasakanizidwe katsopano, kotsekemera kwambiri, kosaluma pakhosi ngati kakale. Pofika Seputembala 1984 anali nako m'manja. Atakayesa m'makapu opanda dzina, kanapambana Coca-Cola wakale. Chachikulu koposa, kanapambana Pepsi. Kwa anthu amene anakhala zaka zisanu ndi zinayi akuchititsidwa manyazi pa TV, imeneyi inali nkhani yovinira.

Sanafune kuthamanga. Anawononga madola pafupifupi 4 miliyoni kulawitsa anthu pafupifupi 200,000 m'mizinda yosiyanasiyana, kafukufuku wamkulu kuposa wina aliyense amene kampani inachitapo. Oposa theka ankasankha chatsopanocho. Pa pepala zonse zinali bwino.

Mu kafukufukuyu munali mabowo awiri. Loyamba, olawa ankangopatsidwa pang'ono pokha. Kulawa ndiwo pa chipande si kudya mbale yonse: chotsekemera chimakoma pa kulawa koyamba, koma pofika pansi pa botolo chikhoza kukola. Lachiwiri ndi limene linali lakuya. Ambiri mwa olawawo sanauzidwe kuti akasankha kapu iyi, kapu inayo ichotsedwa padziko mpaka kalekale. Kampani inkaopa kuti ikafunsa funso limenelo poyera, chinsinsi chiululika. Choncho inafunsa lilime, koma mwini lilimeyo sanafunsidwe.

Komabe wowatsina khutu analipo. M'timagulu tokambirana, ofufuza ankafunsa mozungulira kuti anthu angamve bwanji Coca-Cola atasinthidwa. Ambiri ankati palibe vuto. Koma pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ankapsa mtima, ena mpaka kunena kuti angasiyiretu kumwa. Chodabwitsa chinali chakuti munthu mmodzi wokwiyayo akayamba kulankhula, anzake amene poyamba analibe nazo ntchito ankayamba kumutsatira. Akuluakulu anaziona izi, koma anati mkwiyo wotere umazirala m'masabata ochepa.

Panali njira ina yooneka yapafupi: kugulitsa zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano. Anaikambirana n'kuikana. Makampani othira m'mabotolo anali akudandaula kale kuti mitundu ya zakumwa yachuluka ndipo makina awo sakukwanitsa. Koma chifukwa chachikulu chinali masamu a ulemu. Ogula Coca-Cola akagawika pawiri, gulu lililonse likanakhala laling'ono kuposa la Pepsi, ndipo Enrico akanalengeza dziko lonse kuti chakumwa chake ndicho nambala wani. Malo odyera akuluakulu amafuna kugulitsa nambala wani. Choncho chakumapeto kwa 1984, Goizueta, Keough ndi anzawo ochepa anagwirizana kuti Coca-Cola akhale mmodzi yekha, watsopanoyo. Wakale, wa zaka 99, afe.

Ulendo wa ku Ichauway

Panatsala munthu mmodzi woti auzidwe. A Woodruff anali ndi zaka 95, maso ndi makutu zitafooka, ndipo ankakhala nthawi yambiri pa esiteti yawo ya Ichauway kumwera kwa Georgia. Pafupifupi moyo wawo wonse anakana kuti munthu akhudze chakumwachi. Anakana kwa zaka zambiri ngakhale kusintha kukula kwa botolo. Kumayambiriro kwa 1985 Goizueta anapita kukaonana nawo. Pambuyo pake anauza anzake kuti anawafotokozera Bwana za kutsika kwa malonda, ndipo iwo anavomera. Anthu ena amene anali pafupi ndi mkuluyu anakayikira ngati gogoyo anamvetsadi chimene ankapemphedwa. Pa 7 Malichi 1985 a Woodruff anamwalira. Panalibenso munthu wina m'kampani amene akanatha kunena kuti ayi n'kumveredwa.

Lachisanu pa 19 Epulo, makalata anapita kwa atolankhani kuwaitanira ku New York Lachiwiri lotsatira, kuti akamve nkhani yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya kampani. Kupereka masiku anayi kunali kulakwitsa. Loweruka ndi Lamlungu lomwelo chinsinsi cha kusinthaku chinatuluka, ndipo a Pepsi anapeza mpata wonola mipeni. Enrico anagula tsamba lathunthu m'nyuzipepala zikuluzikulu kuphatikizapo New York Times, n'kulengeza kuti patatha zaka 87 makampani awiriwa akuyang'anizana maso ndi maso, winayo waphethira. Ananenanso kuti antchito onse a Pepsi apume Lachisanu pokondwerera chipambano. Anthu ake anaimbira atolankhani n'kuwanong'oneza mafunso oti akafunse.

Lachiwiri pa 23 Epulo 1985, m'holo ya Vivian Beaumont ku Lincoln Center, Goizueta ndi Keough anakwera pa nsanja pamaso pa atolankhani mazanamazana. Goizueta analengeza kuti chakumwa chabwino koposa chakonzedwa kuti chikhale chabwino kuposa pamenepo. Atafunsidwa kuti kakomedwe katsopanoko ndi kotani, munthu wa sayansiyu anavutika kupeza mawu, n'kungoti n'kosalala, kodzaza m'kamwa, kogwirizana bwino. Atafunsidwa ngati asintha chifukwa cha Pepsi Challenge, anakana kwamtuwagalu, chinthu chimene atolankhani sanakhulupirire. Ananena kuti chimenechi chinali chimodzi mwa ziganizo zosavuta kwambiri zimene kampani inapangapo. Mtolankhani wina atafunsa ngati Diet Coke nayenso adzasinthidwe zinthu zikayenda bwino, Goizueta anayankha mwaukali pang'ono kuti iye sakuyembekezera kuti ziyende bwino, zayenda kale bwino.

Masabata oyambirira anaoneka ngati akumuvomereza. M'masiku awiri okha anthu ambiri a ku America anali atamva nkhaniyi, kutsatsa kwaulere kumene ndalama sizikanagula. Amisiri amene ankakonza chipilala cha Statue of Liberty anapatsidwa zitini zoyambirira. Anthu anathamangira kukalawa, malonda anakwera poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, ndipo mtengo wa masheya unakweranso. Ku likulu chimwemwe chinadzaza tsaya.

Mafoni ayamba kulira

Kampani inali ndi nambala yaulere imene ogula ankaimbapo. Masiku onse inkalandira mafoni pafupifupi 400 patsiku. Tsopano anayamba kuchuluka, mpaka pofika mu Juni anakwana 1,500 patsiku. Makalata ankabwera m'matumba. Oimbawo sankanena kwambiri za shuga kapena gasi. Ankanena za bambo awo amene anamwa Coca-Cola ali kunkhondo, za tsiku limene anakumana ndi mkazi wawo, za ubwana wawo. Ena ankalira. Kampani inaitana dokotala wa zamaganizo kuti amvetsere nawo, ndipo iye anauza akuluakulu kuti anthuwa akulankhula ngati amwaliridwa m'bale.

Mkwiyo unali waukulu kwambiri kumwera kwa dzikolo, kwawo kwa Coca-Cola. Anthu a kumeneko sanaiwale kugonja kwawo pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1860, ndipo Pepsi inali ndi likulu lake ku New York, kumpoto. Kwa iwo, kusintha Coca-Cola kuti afanane ndi Pepsi kunali kugwadiranso a kumpoto. Ku bwalo la masewera la Astrodome ku Houston, chithunzi cha chakumwa chatsopano chikaoneka pa bolodi, anthu ankakuwiza. Ogula anayamba kusesa mashelufu kusaka zotsala zakale. Munthu wina wa ku San Antonio anagula Coca-Cola wakale wa madola 1,000 n'kukaunjika kunyumba. Amalonda ochenjera anayamba kugulitsa makreti akale pamtengo wokwera kangapo.

Ku Seattle, bambo wina wopuma pantchito, Gay Mullins, anakhazikitsa bungwe la Old Cola Drinkers of America n'kukasuma kukhoti kuti kampani ibweze chakumwa chakale. Khoti linautaya mlanduwo. Atapatsidwa makapu opanda dzina, Mullins mwiniwakeyo analephera kuloza chakale chimene ankachimenyera nkhondo. Koma zimenezi sizinachepetse omutsatira, ndipo zikanayenera kuphunzitsa a ku Atlanta kuti nkhondoyi sinali ya kakomedwe. Anthu ankaona kuti alandidwa chinthu chawo popanda kufunsidwa. Kwa zaka 99 kampani inawononga chuma chosawerengeka kuwauza kuti Coca-Cola ndi mbali ya moyo wawo, yeniyeni, yosasintha. Iwo anakhulupirira. Tsopano kampani yomweyo inadabwa kuti anakhulupirira.

Anthabwala a pa TV anapeza chakudya. Bill Cosby, amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankatsatsa Coca-Cola pomutamanda kuti satsekemera kwambiri ngati Pepsi, tsopano ankaoneka akutamanda chakumwa chotsekemera. Ku Cuba, Fidel Castro ananena kuti chakumwa chatsopanochi ndi chizindikiro cha kuvunda kwa chikapitolisiti cha America. Bambo ake a Goizueta, amene anathawa Castro yemweyo, anauza mwana wawo kuti nawonso sakukondwa nazo.

Akuluakulu analimbabe mtima. Ankati aphokoso ndi ochepa, ambiri akumwa mwakachetechete. Koma zimene zinaoneka m'timagulu tija zinayamba kuchitika dziko lonse. Munthu amene poyamba ankakonda chakumwa chatsopano ankachita manyazi kuchigula anzake akuona. Kafukufuku wa sabata ndi sabata, amene mu Meyi ankasonyeza kuti ambiri akukondwa, anatembenuka mu Juni. Nyengo yotentha, imene malonda a zakumwa amayenera kukwera, inafika malonda ali chiimire.

Kenako moto unafika pa mzati umene kampani yonse inatsamira kuyambira 1899. Eni makampani othira m'mabotolo ndi anthu a m'madera, odziwika ndi aliyense m'tauni yawo. Akuluakulu a ku Atlanta ankawerenga mkwiyo papepala, koma iwowa ankakumana nawo kutchalitchi, kumsika ndi pa maukwati. Madalaivala awo ankatukwanidwa potsitsa makreti. Ena anasalidwa ndi anzawo ndi abale awo omwe. Ambiri mwa iwo anaombera m'manja kusinthaku mu Epulo, koma tsopano anayamba kupanikiza likulu kuti lichitepo kanthu, ndipo mawu oti angasiye kugula manyuchi anayamba kumveka. Kampani yogulitsa manyuchi ikasowa wogula manyuchiwo, imatsala ndi dzina lokha.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Kubwerera m'mbuyo kunatanthauza kuti Goizueta, amene anauza dziko kuti zayenda kale bwino, aime pamaso pa atolankhani omwe aja n'kumeza mawu ake, Enrico akuseka. Kunatanthauzanso kugawa ogula pawiri, chinthu chimene anakana poyamba chifukwa chikanaika Pepsi pamwamba. Kupitirira kunatanthauza kubetcha kampani ya zaka 99 pa chiyembekezo chakuti anthu atopa ndi kukwiya. M'misika ya masheya anthu anayamba kufunsana kuti ndani achotsedwe ntchito. Kumayambiriro kwa Julayi, akuluakulu anadzitsekera m'zipinda za misonkhano ku Atlanta, ndipo kunja sikunatuluke liwu.

M'sabata yachiwiri ya mweziwo, masana, anthu mamiliyoni ambiri ku America ankaonera General Hospital, sewero lotchuka la pa kanema wa ABC. Mwadzidzidzi sewerolo linadulidwa pakati. Kanema wa ku America sadula sewero chisawawa. Amatero kukabuka nkhondo, ndege ikagwa, kapena mtsogoleri wa dziko akaomberedwa. Pa sikirini panaoneka Peter Jennings, wowerenga nkhani wamkulu wa ABC, ali ndi uthenga wapadera. Sunachokere ku White House kapena ku Moscow. Unachokera ku Atlanta.

Kodi Goizueta anasankha chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mpaka lero anthu ena amalumbira kuti zonsezi zinali msampha wotchera dala? Musaphonye Gawo 5.